Amayi Amene Kachilombo Kanawalambalala

M'zaka za m'ma 1990, maliro atachuluka m'makomboni a mafamu a fodya ndi chimanga ozungulira Chinhoyi, Banket, Trelawney ndi Karoi, panali chinthu china chimene chinkaimitsa anthu mitu. Bambo ankadwala, n'kuwonda, n'kutsikira kuli chete, ndipo anthu ankayamba kuwerengera mkazi wake masiku. Ambiri mwa amayi amasiyewo ankatsatiradi amuna awo. Koma ena ankakhalabe chaka ndi chaka, akupalira, akuthyola fodya, akulera ana awo ndi a abale, ndipo pamene kuyezetsa magazi kunafika pafupi ndi anthu, ena mwa iwo anapezeka kuti alibe kachilombo n'komwe. Mayankho sankasowa. Ena ankati mayiyo ali ndi magazi amphamvu, ena ankati anatemera, ndipo oipa mtima ankanong'ona kuti ndiye anadya mwamuna wake.

Akatswiri a zachipatala nawonso anayamba ndi ganizo la mphamvu lomwelo, ndipo anafunafuna m'magazi chida chimene amayi oterewa ali nacho. Panapita zaka zoposa 20 asanavomereze kuti nkhani yaikulu ili pakhomo pamene kachilombo kamalowera, pa nembanemba yofewa, yonyowa, yokuta m'kati mwa njira ya abambo ndi khomo la chiberekero. Mawu akuti njira ya abambo ndi amene anamwino athu amagwiritsa ntchito mwaulemu, ndipo ndiwagwiritsa ntchito muno, ngakhale kuti n'zodabwitsa kuti chiwalo cha mayi tinachitcha dzina la munthu wongodutsapo.

Tiyambe ndi mmene anthu olankhula chinenero chathu anapezekera ku Chinhoyi. Tauniyi, imene atsamunda ankaitchula kuti Sinoia mpaka mu 1982, ndi likulu la chigawo cha Mashonaland West, ndipo ili pamsewu waukulu wochokera ku Harare kupita ku Chirundu ndi ku Lusaka. A ku Zimbabwe amaikumbukira chifukwa cha mapanga ake a madzi obiriwira ndiponso nkhondo ya pa 28 Epulo 1966, pamene asilikali asanu ndi awiri a ZANLA anaphedwa. Ife tili ndi chifukwa china. Dera limeneli, lomwe kale linkatchedwa Lomagundi, linali la mafamu akuluakulu a azungu ndi migodi ya mkuwa ya Alaska, Shackleton ndi Mhangura, ndipo manja ambiri ogwira ntchito m'menemo anachokera ku Nyasaland, ku Tete ndi kum'mawa kwa Northern Rhodesia. Komiti ya Lacey ya mu 1935 inayerekeza kuti amuna pafupifupi 120,000 a ku Nyasaland anali kunja kwa dziko lawo. Ena anayenda wapansi kudzera ku Tete n'kuwoloka Zambezi, ena anakwera malole aulere amene anthu ankangowatchula kuti Ulere, ndipo kuyambira mu 1946 ena ankalembedwa ndi bungwe limene tonse timalidziwa ndi dzina lakuti Mthandizi. Ambiri sanabwerere, anasanduka matchona. Anasiya m'makomboni mizikiti, mipingo, madambwe a gule wamkulu, ndiponso Chichewa chimene malamulo aakulu a Zimbabwe a mu 2013 anachiika pakati pa zinenero 16 zovomerezeka.

Kwa mayi wa Chichewa, moyo wa pafamu unatembenuza zinthu chadodolido. Kumudzi iye ndiye mwini pakhomo: munda ndi wa kuchikazi, mwamuna ndi mkamwini, ndipo ukwati ukavuta pali ankhoswe ndi atsibweni oti aweruze. Pafamu nyumba inkapatsidwa kwa wantchito wolembedwa, amene nthawi zambiri anali mwamuna. Amayi ankalembedwa monga aganyu a nyengo, makamaka pothyola ndi posankha fodya, malipiro ake ochepa, ndipo nyengo ikatha ntchito yathanso. Mayi wopanda mwamuna ankafunika kupeza wina womusunga kuti apeze pogona, ndipo m'pamene panachulukira maukwati achidule amene ku Zimbabwe amati mapoto. Blair Rutherford, amene anafufuza za moyo wa antchito a m'mafamu a ku Hurungwe, kumpoto kwa Chinhoyi, n'kutulutsa buku lake mu 2001, anasonyeza kuti pafamu mwini famu ndi akapitawo ake ndiwo anali boma, olamulira ntchito, nyumba, ngongole ngakhalenso nkhani za m'banja. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, antchito a m'mafamu akuluakulu ku Zimbabwe ankaposa 300,000, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali wa makolo ochokera ku Malawi, Mozambique kapena Zambia.

Kachilombo ka HIV kanapeza zinthu zili choncho. Ku Zimbabwe ndi ku Malawi komwe, odwala Edzi oyamba anadziwika mu 1985. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amayi oyembekezera opezeka ndi kachilombo anali 2 pa 100 alionse mu 1985, koma pofika 1996 anali atafika pafupifupi 33 pa 100 alionse. Ku Zimbabwe, cha m'ma 1997, munthu wamkulu mmodzi mwa anayi alionse, kapena kuposerapo, anali nako. Ndondomeko za dziko lonse zoperekera mankhwala otalikitsa moyo m'zipatala za boma za maiko awiriwa zinayamba mu 2004. Pa zaka zonse za pakatipo, chimene chinkaima pakati pa mayi wa pakomboni ndi kachilombo, ngati mwamuna wakana kondomu, chinali nembanemba yake basi.

Nembanemba imeneyi si yofooka monga tingaganizire. Kafukufuku wa ku Rakai ku Uganda, amene anatuluka mu 2001, anapeza kuti m'mabanja amene mmodzi ali ndi kachilombo, kupatsirana kunkachitika pafupifupi kamodzi pa maulendo 1,000 ogonana. M'njira ya abambo khungu lake ndi losanjikizana maselo ambirimbiri ngati mpanda wa udzu wothithikana. Koma m'kati mwa khomo la chiberekero muli mzere umodzi wokha wa maselo, ndipo mwa atsikana ongotha msinkhu mbali yopyapyalayi imatulukira kunja kwambiri kuposa mwa amayi okhwima. Pamwamba pake pali chikazi chonanda chimene chimakola kachilombo. M'chikazicho mumakhala mabakiteriya abwino a mtundu wa Lactobacillus, amene amatulutsa asidi wowawasa ngati wa m'chambiko, ndipo asidiyo amafooketsa tizilombo tambiri. Kachilombo kakapyola zonsezi, kamafunikabe kupeza asilikali a m'thupi otchedwa CD4, makamaka amene ali ogalamuka, chifukwa m'menemo ndi momwe kamaswanirana. Kakapanda kuwapeza pafupi m'masiku oyambirira, kamazima ngati khala la moto logwera pabwalo losesa.

Umboni woyamba wooneka bwino wakuti anthu ena amakumana ndi kachilombo kawirikawiri osakatenga unachokera ku Nairobi. M'dera la Majengo ku Pumwani, madokotala a University of Nairobi ndi University of Manitoba ya ku Canada, pakati pawo Frank Plummer ndi namwino Elizabeth Ngugi, anatsegula kachipatala ka amayi oyendayenda. Atawayeza mu 1985, pafupifupi awiri mwa atatu alionse anali nako kale. Anapitiriza kutsatira amene analibe, ndipo mu 1996 Keith Fowke ndi anzake analemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kuti mwa amayi 424 amene anayamba alibe kachilombo, 239 anali atakatenga pofika 1994. Chodabwitsa chinali kagulu kochepa kotsalako. Amayiwa ankakumana ndi amuna angapo tsiku lililonse, kwa zaka zambiri, kondomu mwa apo ndi apo, koma mayi akadutsa zaka zitatu zoyambirira osakatenga, mpata woti akatenge unkacheperachepera. Mwayi wokha sukanatha kufotokoza zimenezo. Panalinso chizindikiro chakuti khalidweli limayenda m'mabanja, chifukwa abale a amayi oterewa nawonso sankatenga kachilombo msanga.

Chaka chomwecho cha 1996, akatswiri a ku America ndi ku Ulaya anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 100 alionse a kumpoto kwa Ulaya amabadwa wopanda kachogwirira kotchedwa CCR5, kamene kachilombo kamakolapo polowa m'selo. Koma chibadwa chimenecho mwa anthu a mu Africa muno chimasowa, ndipo amayi a ku Pumwani analibe. Choncho maso anatembenukira ku zida zina. Sarah Rowland-Jones wa ku Oxford, amene anali ataona kale zofananazo mwa amayi a ku Gambia mu 1995, anapeza kuti ambiri mwa amayi a ku Nairobiwa anali ndi asilikali otchedwa CD8 odziwa kuzindikira ndi kupha selo logwidwa ndi HIV, ngakhale kuti m'magazi mwawo munalibe kachilombo. Mu 1999 Rupert Kaul anapeza timapuloteni ta chitetezo totchedwa IgA, tolimbana ndi HIV, m'chikazi cha amayi 16 mwa 21 amene anawayeza. Chiyembekezo chinakula kwambiri. A ku Oxford ndi a ku Nairobi anapanga katemera wotsanzira chitetezo cha amayiwa, ndipo anayamba kumuyesa pa anthu ku Nairobi mu 2001. Pofika 2004 zinaoneka kuti katemerayo sadzutsa chitetezo chokwanira, ndipo anamusiya.

Mu 2001 momwemo panatuluka nkhani imene inagwedeza ganizo lonse la magazi amphamvu. Mwa amayi 114 amene ankawerengedwa kuti kachilombo sikawagwira, 11 anapezeka nako. Ambiri mwa iwo anakatenga atapuma ntchito yawo kwa miyezi ingapo, mwina atapita kumudzi, kenaka n'kuyambiranso. Chitetezocho sichinali mphatso yosatha, ndipo wina aliyense wonena kuti iye kachilombo sikangamugwire ayenera kumva za amayi 11 amenewa. Akatswiri anabwerera ku zimene anali atasunga m'mafiriji n'kuyamba kufunsa funso lina. Kuyambira cha m'ma 2009, gulu la Fowke linasonyeza kuti chimene chinkasiyanitsa amayiwa ndi anzawo chinali bata. Asilikali awo a CD4 anali osagalamuka kwambiri, m'chikazi chawo munali timauthenga tochepa toitanira asilikali, ndipo pakhomo pa chiberekero panali maselo ochepa oti kachilombo kagwire. Thupi lawo linkatha kulimbana ndi matenda ena bwinobwino, koma pakhomopo silinkaimba lipenga pa chilichonse. Apa m'pamene pali chinyengo cha HIV: tizilombo tina timathawa asilikali, pamene aka kamadya asilikaliwo, moti thupi likathamangitsira gulu lankhondo pakhomo, lakapatsa chakudya.

Phunziro lomweli linabwera mowawa kuchokera mbali ina. Mankhwala otchedwa nonoxynol-9, amene ankapha kachilombo bwinobwino m'botolo la mu labotale, anayesedwa pa amayi oyendayenda m'maiko angapo. Zotsatira zake, zimene zinalengezedwa pamsonkhano wa Edzi ku Durban mu 2000, zinali zakuti amene ankawapaka kawirikawiri ankatenga kachilombo kwambiri kuposa anzawo, chifukwa mankhwalawo ankanyula nembanemba.

Ngati bata limateteza, funso lotsatira ndi lakuti chimasokoneza batalo n'chiyani, ndipo mayankho ambiri a funso limeneli anachokera kwathu kuno. Ku Blantyre, Taha Taha ndi anzake a Johns Hopkins ndi College of Medicine anatsatira amayi oyembekezera oposa 1,000 amene analibe kachilombo, ndipo mu 1998 anasonyeza kuti amene mabakiteriya awo abwino anali atachepa n'kulowedwa m'malo ndi ena osakanizika ankatenga HIV mowirikiza kawiri kapena katatu. Vuto limeneli nthawi zina limatulutsa chikazi chonunkha, koma nthawi zambiri mayi sadziwa n'komwe, ndipo likaonekera ambiri amangoliika m'gulu la mauka. Zaka zitatu m'mbuyo mwake, Gina Dallabetta anali atafunsa amayi oposa 6,000 pachipatala chomwecho za zimene amaika m'njira ya abambo. Olemba nkhani a kunja anakonda kwambiri kulankhula za mankhwala oumitsa ndi othinitsa, ngati kuti ndiwo gwero la mliri wonse mu Africa. Koma ku Blantyre amayi oika zinthu pofuna kuchiza kuyabwa ndi chikazi anali ochuluka kwambiri kuposa othinitsa, ndipo ndi gulu lochiza limeneli limene linaoneka kuti lili ndi kachilombo mochulukirapo. Anali amayi odwala amene sanapeze mankhwala kuchipatala. Ku Harare, Janneke van de Wijgert analemba mu 2000 kuti kutsuka ndi kupukuta m'kati kumayendera limodzi ndi kusokonekera kwa mabakiteriya abwino aja. Ndikuona kuti apa anamkungwi ndi anamwino akanayenera kukhala pamphasa imodzi kalekale, chifukwa malangizo a ukhondo amene namwali amalandira ndi amene amasankha ngati sopo adzalowa kumene sayenera kulowa.

Palinso likodzo, ndipo kwa amayi a m'mafamu nkhani yake ndi yaikulu. Ambiri timalidziwa monga matenda a anyamata okodza magazi. Koma mazira a nyongolotsi zake amakhazikikanso m'khomo la chiberekero ndi m'njira ya abambo, n'kusiya timabala tooneka ngati mchenga, totuluka magazi mosavuta, tozunguliridwa ndi asilikali a m'thupi amene abwera kudzalimbana ndi mazirawo. Dokotala wa ku Norway, Eyrun Kjetland, anayamba kufotokoza bwino za vutoli atayeza amayi ku Mangochi, m'nkhani imene inatuluka mu 1996. Kenaka anapita kumidzi ya kumpoto kwa Zimbabwe, kumene anayeza amayi oposa 500, ndipo mu 2006 analemba kuti mwa amene anali ndi likodzo la kumaliseche, 41 pa 100 alionse anali ndi HIV, pamene mwa amene analibe anali 26 pa 100 alionse. Anapezanso kuti mankhwala a praziquantel amapha nyongolotsi, koma timabala takale ta mayi wamkulu sitichoka. Aliyense wodziwa mafamu a ku Mashonaland akudziwa kuti chuma chake chinali madamu ndi ngalande zothirira, ndipo m'madzi odekha otero ndi momwe nkhono zofalitsa likodzo zimaswana. Madzi omwe ankathirira nazale ya fodya ndi tirigu wa m'chilimwe ndi amene ana aakazi a pakomboni ankasambamo ndi kuchapiramo.

Umboni wotsiriza unachokera ku Lusaka ndi ku KwaZulu-Natal. Ku Lusaka, Susan Allen anayamba mu 1994 kutsatira mabanja amene mmodzi ali ndi kachilombo wina alibe, mabanja onga aja ankazunguza anthu a m'makomboni. Poyeza magazi a amene anadzakatenga pambuyo pake, akatswiri anaona kuti mwa mitundumitundu ya kachilombo imene ili m'thupi la wopatsira, nthawi zambiri kamodzi kokha ndi kamene kamapyola n'kuyambitsa matenda. Koma pamene wolandirayo anali ndi zilonda kapena kutukusira kumaliseche, tingapo tinkapyola pamodzi. Ku South Africa, kafukufuku wa CAPRISA 004 anasonyeza mu 2010 kuti mafuta opaka a tenofovir amachepetsa kutenga kachilombo ndi 39 pa 100. Atapendanso zotsatirazo, anapeza kuti mwa amayi amene nembanemba yawo inali pabata, mafutawo anateteza ndi 57 pa 100, koma mwa amene inali yotukusira, anateteza ndi 3 pa 100 chabe. Ku Umlazi, pafupi ndi Durban, kafukufuku wa atsikana amene anatuluka mu 2017 anapeza kuti amene anali ndi mabakiteriya osakanizika ankatenga HIV mowirikiza kanayi poyerekeza ndi amene anali ndi Lactobacillus crispatus wambiri.

Tikabwerera ku Chinhoyi ndi zonsezi m'manja, mayi wamasiye uja amene anapulumuka akuoneka mwa njira ina. Mwina mwamuna wake anali ndi tizilombo tochepa m'magazi pa zaka zimene ankakhalira limodzi, chifukwa kuchuluka kwa kachilombo mwa wopatsira n'kofunikanso kwambiri. Mwina chibadwa chake chinamuthandiza. Koma mbali yaikulu ya chitetezo chake inadalira zinthu zimene zinali m'manja mwa anthu ena: madzi a pamjigo m'malo mwa a padamu, mankhwala a chindoko, chinzonono ndi mabomu opezeka msanga, msinkhu umene anakwatiwira, ndiponso ngati anali ndi nyumba yakeyake kapena ankasintha amuna pofuna denga. Mafamu ambiri anali kutali ndi chipatala, ndipo thandizo loyamba linali m'manja mwa mayi mmodzi wapakomboni wophunzitsidwa mwachidule za umoyo, pansi pa ndondomeko imene inayamba m'zaka za m'ma 1980. Kulanda mafamu kutayamba mu 2000, chaka chomwe mgodi wa Mhangura unatsekedwa, ngakhale kathandizo kochepako kanabalalika m'malo ambiri. Antchito ochuluka anataya ntchito ndi nyumba nthawi imodzi, ndipo ochepa kwambiri mwa iwo ndi amene analandira minda. Lamulo la unzika la mu 2001 linasandutsa ana ndi adzukulu a matchona kukhala alendo m'dziko limene anabadwiramo, mpaka malamulo a mu 2013 anawatsegulira njira yobwezeretsa unzika. Zaka zimenezi ndi zomwe akatswiri ankatulukira kufunika kwa bata la nembanemba, ndipo ndi zomwenso amayi a m'makomboni ankasamukira m'misasa, m'migodi ya golide ya makorokoza ndi m'mphepete mwa msewu wa ku Chirundu.

Katemera wotsanzira amayi a ku Pumwani sanapezeke, ndipo Frank Plummer anamwalira ku Nairobi mu 2020 asanamuone. Chimene chinapezeka ndi njira zoteteza zimene mayi angathe kuzigwira yekha. Kafukufuku wa ASPIRE, amene amayi 2,629 a ku Blantyre, Lilongwe, Harare, Chitungwiza, Kampala ndi South Africa anatengamo mbali, anasonyeza mu 2016 kuti mphete ya dapivirine, yoikidwa m'njira ya abambo kwa mwezi wathunthu n'kumatulutsa mankhwala pang'onopang'ono pa nembanemba pomwepo, imachepetsa kutenga kachilombo ndi 27 pa 100. Kwa amayi okulirapo inateteza koposa pamenepo, koma kwa atsikana a zaka 18 mpaka 21 sinaonetse chitetezo, makamaka chifukwa ambiri sankaivala nthawi zonse. Zimbabwe inali dziko loyamba mu Africa kuvomereza mpheteyi mu 2021, ndiponso jakisoni wa cabotegravir, wobaya kamodzi pa miyezi iwiri, mu 2022. Mapiritsi a likodzo anayamba kugawidwa kwa ana a sukulu m'dziko lonselo mu 2012. Mtsikana wa kufamu amene anawamwa ali m'kalasi yoyamba chaka chimenecho, tsopano wafika pa msinkhu womwe uja umene mphete inalephera kuuteteza.